Loweruka la ku Santa Rosa, kumanda a Thomas Geary

Loweruka, usiku.

Lero ndinali pa tchuthi, ndiye ndinaperekeza ku Santa Rosa, m'chigawo cha California ku America, mayi wina amene timagwira naye ntchito. Ndi munthu wamkulu, msinkhu wa amayi anga, ndipo masiku ano sakonda kuyendetsa galimoto mtunda wautali. Agogo a bambo awo anachokera ku Taishan, m'chigawo cha Guangdong ku China. Tinanyamuka ku Oakland chifunga chisanayere, n'kuwoloka mlatho wa ku Richmond, kenaka kutsata msewu wa 101 cha kumpoto.

Tikudutsa pa Petaluma mayiwo analoza kunja nati, "Mwanawe, munthu amene tikupita kumanda kwakeyu uloya wake anauyambira pano." Ankanena Thomas J. Geary. Anabadwira ku Boston mu 1854, ndipo banja lawo linasamukira ku San Francisco mu 1863. Anaphunzira pa St. Ignatius College, analoledwa kugwira ntchito ya uloya mu 1877, nakhazikika ku Santa Rosa mu 1882. Anakhalako woimira boma pamilandu m'dera la Sonoma, kenaka kumapeto kwa 1890 analowa m'nyumba ya malamulo ku Washington ngati phungu wa chipani cha Democratic. Kumenekotu anangokhalako mpaka March 1895, atagwa pachisankho cha 1894. Zaka zochepa chabe, koma dzina lake linamatirira pa lamulo limene linasautsa anthu kwa nthawi yaitali iye atachokamo kale.

Manda a Santa Rosa Rural Cemetery ali pakaphiri, pansi pa mitengo ikuluikulu, ndipo anthu amabwera kudzayendamo ndi agalu awo. Tinakwera pang'onopang'ono chifukwa cha mawondo a mayiwo. Titapeza pokhala, anatulutsa foni kundionetsa chithunzi cha pepala limene banja lawo lasunga mibadwo yonseyi: chiphaso cha agogo aja, chokhala ndi nkhope yawo, msinkhu wawo ndi zizindikiro za pathupi. Pepala limeneli ndi chipatso cha lamulo la Geary.

Lamulo loletsa antchito a ku China kulowa m'dziko la America linalipo kale kuyambira 1882, ndipo linali la zaka khumi. Nthawiyo n'kuti njanji ya Central Pacific, imene anthu a ku China ochuluka anaiboolera mapiri a Sierra Nevada, itatha mu 1869, ndipo andale a ku California atapeza kuti kunyoza Mtchaina kumabweretsa mavoti. Zaka khumizo zili pafupi kutha, Geary anabweretsa lake, limene pulezidenti Benjamin Harrison anasaina pa 5 May 1892. Silinangowonjezera zaka zina khumi ayi. Linatembenukira anthu amene anali kale m'dzikomo movomerezeka. Wantchito aliyense wa ku China anapatsidwa chaka chimodzi kuti akalembetse ndi kutenga chiphaso. Wopezeka wopanda chiphaso ankamangidwa, ndipo udindo wotsimikiza kuti ali m'dzikomo mololedwa unali pa iye mwini, osati pa boma lomuimba mlandu. Kuti apulumuke ankayenera kupeza mboni yachizungu, ngakhale imodzi. Umboni wa m'bale wake kapena wa mnzake amene wagona naye chipinda chimodzi zaka zambiri sunali wokwanira. Wogonja pamlandu ankatha kugwira ntchito yakalavulagaga mpaka chaka chathunthu, kenaka n'kuthamangitsidwa m'dziko.

Mfundo ya mboni yachizunguyi yandiwawa tsiku lonse. Munthu amene ankachapa zovala kapena kulima masamba kumidzi ya kutali, mzungu womudziwa bwino n'kuvomera kukamuimira m'khoti akanamupeza kuti? Ndipo akamupeza, ndiye kuti moyo wake wonse uli m'manja mwa bwana kapena mwini nyumba. Ndinakumbukira agogo anga aamuna akusimba za chitupa chimene ankayenda nacho ku Salisbury (Harare ya masiku ano), kuti wapolisi akaimitsa munthu, chinkayankha ndi pepala, pakamwa pako panalibe ntchito.

Mayiwo safuna kuti nkhaniyi izisimbidwa ngati anthu awo anangoweramitsa mitu. Bungwe la Six Companies, loimira anthu a ku China ku San Francisco, linauza anthu kuti asalembetse, ndipo linapempha aliyense dola imodzi yolipirira maloya. M'dzikomo munali anthu a ku China oposa 100,000, ndipo tsiku lomaliza litakwana, ambiri ndithu anali asanalembetse. Mlandu wa Fong Yue Ting, mmodzi mwa anthu amene sanalembetse, unafika kukhoti lalikulu la dzikolo, ndipo mu May 1893 khotilo linagamula kuti boma lili ndi mphamvu yothamangitsa mlendo monga momwe lilili ndi mphamvu yomukaniza kulowa. Oweruza atatu, Brewer, Field ndi Fuller, anatsutsa chigamulocho. Boma linalibe ndalama zothamangitsira khamu lonselo, choncho kumapeto kwa chaka chomwecho aphungu anawonjezera miyezi isanu ndi umodzi yolembetsera, n'kulamula kuti chiphaso chizikhala ndi chithunzi. Ndi chifukwa chake nkhope ya agogo aja ili papepalapo. Mu 1896, pamlandu wa Wong Wing, khoti lomwelo linati n'kulakwa kugwiritsa munthu ntchito yakalavulagaga popanda kumuzenga mlandu mokwanira. Apo anapambana.

Tikutsika, ndinafunsa zimene Geary anachita atachoka ku Washington. Anabwerera ku uloya. Mu 1900 anapita ku Nome, ku Alaska, nthawi imene anthu ankathamangira golide kumeneko. Anabwerera ku California patapita zaka zochepa, nakhala loya wa mzinda wa Santa Rosa mu 1906, chaka chimene chivomezi chinagwetsa nyumba za pakati pa mzindawo. Anamwalira pa 6 July 1929. Ine chimene chandikhala mumtima ndi maulendo akewa: Boston, San Francisco, Petaluma, Santa Rosa, Washington, Nome. Munthuyu moyo wake wonse ankasamuka kutsata mwayi, kumene, monga amachitira munthu aliyense wofuna kudyetsa banja. Palibe amene anamuimitsa panjira kumufunsa pepala. Ufulu umene iye ankaudya tsiku ndi tsiku ndi womwewo anaulanda anthu amene anabwera ku California ndi cholinga chofanana ndi cha makolo ake. Sindikhulupirira kuti sankadziwa kulemera kwa zimene analemba. Anali loya, ndipo ankadziwa bwino lomwe tanthauzo la kusenzetsa woimbidwa mlandu udindo wa umboni.

Pobwerera tinaima kudya nkhomaliro mochedwa. Ndinafunsa ngati msewu wa Geary wa ku San Francisco uli m'dzina lake, mayiwo anati ayi, umenewo ndi wa John W. Geary, meya woyamba wa mzindawo, munthu wina. Ananditsirizira nkhani tikudya: chiletsocho chinawonjezedwanso mu 1902, chinakhala chopanda malire mu 1904, ndipo chinathetsedwa mu 1943 China ali bwenzi la America pankhondo. Ngakhale apo, ololedwa kulowa anali 105 okha pachaka. Nyumba ya malamulo imene Geary anakhalamo inadzapereka mawu odandaula ndi malamulowa mu 2012.

Mafayilo ambiri a anthu amene anafunsidwa mafunso pansi pa malamulowa amasungidwa ku National Archives, kosungira zikalata za boma, ku San Bruno, kum'mwera kwa San Francisco. Mayiwo akufuna kukafufuza ngati la agogo awo lilipo, makamaka kuti adziwe ngati panali mzungu amene anawaimira umboni, ndi kuti anali ndani. Andipempha kuti ndiwathandize kulemba kalata yofunsira Lolemba likubwerali, tikaweruka.