Lero ndawerengetsa mtengo wa mayeso a CFA

Nditaweruka kuntchito lero, ndinakhala pansi ndi kope kuti ndiwerengetse bwinobwino ndalama zimene mayeso a CFA (Chartered Financial Analyst), omwe ndi a ukatswiri wa zachuma, adzandidyere, chifukwa kwa miyezi iwiri ndakhala ndikungonena pakamwa kuti ndilembetsa gawo loyamba. Bungwe loyendetsa mayesowa la CFA Institute linakhazikitsa kuti pa mayeso a m'chaka cha 2026, wolembetsa msanga gawo limeneli alipire madola 1,140, pamene wochedwa alipire madola 1,490. Kusiyana kwa madola 350 kumeneku kwandichotsa ulesi wonse, moti ndatsimikiza mtima kulembetsa sabata ino. Kusintha tsiku lolembera munthu atalembetsa kale kulinso ndi mtengo wake, choncho tsikulo ndilisankha mofatsa. Pasipoti yanga ndaiyang'ananso, popeza wopanda pasipoti yogwira ntchito salowa m'chipinda cha mayeso.

Nkhani imene yandivuta kwambiri ndi ya mabuku. Masana anzanga ena a ku ofesi, amene anakhoza gawo loyamba zaka zitatu zapitazo, anandibweretsera mabuku awo atadzaza chikwama, masamba ake ali ndi mizere ya inki yofiira ndiponso timawu tolembedwa m'mbali. Ndinawathokoza ndi mtima wonse, koma iwo eni anandichenjeza kuti silabasi imakonzedwanso chaka ndi chaka, moti mitu ina imachotsedwa ndipo ina imawonjezedwa. Mabukuwo ndidzawatsegula pokhapokha pamene mfundo yandikanika kumva. Ndalama yolembetsera ija imabwera kale ndi silabasi yonse ya pa intaneti, mafunso oyeserera komanso mayeso oyeserera, ndipo ine ndikuona kuti si nzeru kuthamangira kugula zolemba zachidule monga za kampani ya Kaplan Schweser ndisanatsegule n'komwe zimene ndidzakhale nditalipira kale. Zolemba zoterozo zimathandiza munthu amene nthawi yamuthera, koma wolemba mafunso amatsata silabasi yeniyeni. Ndiyamba ndawerenga miyezi iwiri, kenako ndidzaone ngati pali pofunika kuwonjezera.

Chimene sindikanachitira mwina koma kugula ndi kakyuleta, chifukwa m'mayesowa amalola mitundu iwiri yokha, Texas Instruments BA II Plus ndi HP 12C. Ndinasankha yoyambayo. Usiku uno ndayesa funso la ngongole yobwezedwa mwezi ndi mwezi pamodzi ndi chiwongoladzanja, ndipo katatu konse yankho langa linasiyana ndi la m'buku. Nditayang'anitsitsa pagalasi ndinaona tizilembo titatu, BGN, kusonyeza kuti makinawo ankawerengetsa ngati ndalama ikulipidwa kumayambiriro kwa mwezi, pamene funso linkanena za kumapeto. Ndinataya theka la ola pa kanthu kakang'ono kameneka. Pa tsiku la mayeso mpata wotero sudzakhalapo, chifukwa mafunso ndi 180 m'zigawo ziwiri za mphindi 135 chilichonse, kutanthauza mphindi imodzi ndi theka pa funso.

Pansi pa ndalama zonse m'kope muja ndalembapo maola 300, amene bungweli limati ofuna kukhoza amawerenga pa gawo lililonse. Ndikamawerenga maola 15 pa sabata, ndifunika masabata 20, ndipo ndikalephera ndiye kuti ndalama yolembetsera ndidzailipiranso yonse. Ndatchera wotchi kuti indidzutse m'bandakucha, ndipo mwa mitu 10 ya gawo loyamba ndiyambira wa masamu, kuti zala zizolowere kakyuleta.