Zaka 5 tikudinda nkhanga zabuluu ndi afisi achikasu

Mwezi uno takwanitsa zaka 5 chiyambire kudinda zithunzi za nyama m'kachipinda kakuseri kwa nyumba yathu kuno ku Blantyre. Ambiri mumatifunsa kuti nkhanga yabuluu ya maso akuluakulu tinaiona kuti. Lero ndikuuzeni.

Mu 2017, ndili ku Netherlands kosula luso, mnzanga ananditengera ku Cobra Museum, nyumba yoonetseramo zojambulajambula, mumzinda wa Amstelveen. Ndinaima pakhomo kukamwa kuli yasa. Makoma onse anali mbalame, amphaka ndi zilombo zosadziwika mtundu, zopakidwa zofiira, zachikasu ndi zobiriwira, ngati zojambula mwana wa sitandade 1. Ojambulawo anali a gulu la CoBrA, lomwe linayamba ku Paris mu Novembala 1948, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha kumene. Dzinalo analitenga ku mizinda yakwawo: Copenhagen, Brussels ndi Amsterdam. Karel Appel, Corneille, Constant, Asger Jorn ndi anzawo anali atatopa ndi malamulo a m'sukulu za zojambula. Nkhondo inali itawaonetsa zimene anthu ophunzira angachite, ndiye anatembenukira kwa ana ndi kwa nyama. Gululo linatha mu 1951, koma anthu poyamba ankawaseka. Chithunzi chomwe Appel anajambula pakhoma la holo ya mzinda wa Amsterdam mu 1949 anachiphimba kwa zaka 10 chifukwa ogwira ntchito mmenemo anadandaula nacho.

Nkhani ya Appel imeneyi ndi yomwe inandilimbitsa mtima. Nditabwerera kumudzi ndinayamba kusema kalulu, mvuu, nanzikambe ndi nkhwazi pa lino (chinthu chofewa ngati labala chomwe timasemapo chithunzi n'kupakapo inki), n'kumadinda pamanja pepala limodzi limodzi. Sititengera zithunzi za anthu aja ayi. Nyama ndi zathu, za m'nthano zomwe agogo ankatisimbira madzulo.

Chaka cha 2023 sitidzachiiwala. Mu Malichi, namondwe wa Freddy analowetsa madzi m'kachipinda kaja, mapepala onse ndi zithunzi zomwe zinali zokonzeka kupita kwa makasitomala zinasanduka phala. Tisanapume, mu Novembala ndalama ya kwacha inagwa ndi 44 peresenti, inki yomwe timaitanitsa kunja inakwera mtengo moti tinakhala miyezi iwiri osadinda kanthu. Kwa amene munatibwereka ndalama nthawi imeneyo n'kumafika pakhomo m'mamawa kudzafuna chiwongoladzanja tsiku lisanakwane, tinakubwezerani zonse mpaka tambala yomaliza. Nanunso amene munatigulitsa utoto wosuluka pakangotha mwezi, tinasiya kugula kwanu.

Zikomo mayi a ana anga, amene munayanika mapepala onyowa aja pachingwe cha zovala usiku wonse osadandaula. Zikomo achimwene chifukwa cha malata omwe munatipatsa, amalume potibwereka galimoto, anyamata awiri amene timagwira nawo ntchito popirira malipiro atachedwa, ndi aphunzitsi amene mumabwera ndi ana asukulu kudzaona mmene timadindira. Makasitomala a ku Lilongwe, Mzuzu ndi Johannesburg amene munalipira kale n'kudikira miyezi itatu osatikalipira, Mulungu akudalitseni.

Pokondwerera zaka 5 zimenezi tadinda nkhanga yabuluu ija makope 50 okha, pa pepala lolimba la A3, lililonse lili ndi nambala yake komanso siginecha yanga. Afisi achikasu ndi mvuu yofiira ziliponso pa A4, za felemu ndi zopanda felemu. Tilembereni pa WhatsApp kapena pa Facebook, timatumiza paliponse m'Malawi muno.