Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Mbuzi imodzi, zaka 5

Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapitalo, makamaka amayi a ku Petauke aja amene mwana wawo ali m'ndende panopa. Amayi, musaleke kukamuona, ngakhale mutangonyamula nsawawa zokazinga.

Tinasiyira pa tsiku la chigamulo. Mlandu ndinauvomera, pakuti mbuziyo ndinabadi, ndalama zake n'kugulira fetereza. Ndinkayesa kuti wovomera amamumvera chisoni. Woweruza anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafotokoza kuti lamulo la Zambia pa kuba ziweto ndi lokhwima, n'kundipatsa zaka 5, ngakhale ndinali wolakwa koyamba. 

Amayi anga anali pa benchi yachiwiri. Sanalire. Anamasula mfundo ya pachitenje momwe anamangamo ndalama zobwereka zoti abwezere mwini mbuzi, anaziyang'ana, n'kumanganso pang'onopang'ono. Zala zawo zinkanjenjemera, mfundo yosagwira, iwo n'kuyambiranso. Mwini mbuziyo anagwira pakamwa. Iye ankafuna mbuzi yake basi, ndipo sanaipeze, chifukwa munthu womangidwa sabweza kanthu. Apolisi potuluka nane, amayi anangoti, "Mwanawe, ndani alime?" Mpaka lero mawu amenewo amandidzutsa usiku.

Inu achimwene amene munalemba kuti wakuba ndi wakuba, sindikukutsutsani. Chilango ndinachiyenera. Koma mkatimo ndinagona mphasa imodzi ndi anthu okusa ng'ombe za eni kuwolotsa malire usiku, ndipo njira zawo zonse anandiphunzitsa ulere. Ndikanapatsidwa ntchito yotumikira anthu kumudzi, n'kubweza mbuziyo pamaso pa anyakwawa, sukulu imeneyo sindikanalowamo.

Ndinatuluka patatha zaka 3 ndi miyezi 4, popeza wosunga mwambo amamuchotsera gawo limodzi mwa magawo atatu. Dziko linali litasintha dzina la ndende mu 2016, tsopano akuti ndi malo okonzera anthu, ndipo ndivomereze, ukalipentala ndinauphunzira kumeneko. Koma luso lopanda sowo ndi hamala silidyetsa munthu.

Tinatuluka awiri tsikulo. Mnzanga uja ndinakuuzani, wodziwa kuumba njerwa, panalibe womudikira pageti. Kwawo ku Chadiza anamukana, waganyu aliyense akamva kumene wachokera ankatembenuka. Mvula isanagwe anali atabwereramo.

Ine anandidikira amalume, ndi njinga yawo ya kabaza. Njira yonse sanalankhule. Titafika ku Mchini, mu Chipata, anatsegula kabokosi ka zipangizo za malemu atate, nati, "Mphwanga, chitseko changa chagwa, uyambe chimenecho." Nditachikonza, iwo atamaliza kuchiyesa, anandilipira pamaso pa aneba, mokweza, kuti onse aone. Sabata yotsatira kunabwera mayi wina wa ku Kapata kudzafunsa mtengo wa timipando tiwiri.