Ulendo wa ku Namibia: Galimoto, Mchenga, Nyama ndi Midzi ya Ahimba

Chimene chimasokoneza alendo ambiri ku Namibia si kutentha ayi, koma kutalika kwa mitunda. Pamapu, Windhoek, likulu la dzikolo, ndi Sesriem, khomo lolowera ku milu ya mchenga ya Sossusvlei, zimaoneka ngati zayandikana, koma ndi ulendo wa maola asanu kapena kuposa, ndipo mbali yaikulu ndi msewu wa miyala. Amene akufuna kuona Sossusvlei, malo osungira nyama a Etosha ndi dera la Kunene pa ulendo umodzi apatule masabata awiri. Masiku asanu ndi ongothera pachiwongolero.

Ochokera ku Malawi kapena Zambia pamsewu amadzera ku Livingstone ndi Sesheke n'kulowera ku Katima Mulilo. Galimoto zimayenda kumanzere ngati kwathu, ndipo randi ya ku South Africa imagwira ntchito limodzi ndi dola ya ku Namibia pa mtengo wofanana.

Galimoto ndiyo nkhani yaikulu. Pamsewu wa miyala musapitirire makilomita 80 pa ola, ngakhale msewu utaoneka woongoka komanso wopanda munthu. Ngozi zambiri zimachitika chonchi: tayala limodzi limalowa m'miyala yomwazika ya m'mbali, woyendetsa amadzidzimuka n'kukhotetsa mwamphamvu, galimoto n'kugubuduka. Zikatero chotsani phazi pa moto pang'onopang'ono, musaponde buleki mwadzidzidzi. Mpweya wa m'matayala muuchepetse kufika cha m'ma 1.8 bar kuti agwire bwino. Tengani matayala apadera awiri, jeke, pampu ndi thabwa loikira pansi pa jeke, chifukwa pamchenga jeke imangomira. Ngati galimoto ndi yahayala, werengani bwino pangano la inshulansi. Nthawi zambiri matayala ndi galasi la kutsogolo sizikhalamo, chonsecho ndi zimene zimaonongeka msanga.

Mukaona malo omwetsera mafuta, monga ku Solitaire, thirani ngakhale thanki ili pakati. Madzi akumwa akhale malita 5 pa munthu pa tsiku, kuonjezapo chigubu chosungira. Galimoto ikafa, khalani pomwepo. Munthu woyenda pansi m'chipululu savuta kusochera ndipo amavuta kumupeza. Usiku musayende, ngoma ndi njiri zimadumphira mumsewu.

Ku Sossusvlei chinsinsi ndi kulawirira. Geti la kunja la Sesriem limatsegulidwa dzuwa likamatuluka, koma ogona mkati mwa paki amaloledwa kunyamuka ola limodzi dzuwa lisanatuluke. Ola limenelo ndi lamtengo wapatali, chifukwa ndi pamene mbali imodzi ya mulu wa mchenga imafiira ngati katondo, inayo ikadali bii mumthunzi. Kuchoka pageti pali makilomita pafupifupi 60 a phula, ndipo mulu wa mchenga wa Dune 45 uli pa kilomita ya 45 monga dzina likunenera. Makilomita 5 omaliza ndi mchenga wokhawokha wofuna 4x4, galimoto yokoka ndi matayala onse anayi. Tsitsani mpweya kufika cha m'ma 1.5 bar, tsatani mapazi a galimoto zina, ndipo musaime pakati. Mukatitimira musaonjezere moto, mukungodzikumbira dzenje. Fukulani kutsogolo kwa matayala, chepetsaninso mpweya, bwererani m'mbuyo pang'ono. Amene sanazolowere asiye galimoto pamalo oimikapo, akwere zonyamula alendo.

Kukafika ku Deadvlei mumayenda pansi pafupifupi kilomita imodzi. Ndi chigwa cha dothi loyera long'ambikang'ambika, ndipo m'menemo mwaima mitengo yakuda imene inauma zaka mazana angapo zapitazo koma siola chifukwa kulibe chinyontho. Musaikwere kapena kuitsamira. Valani nsapato zotseka, pakuti ikamakwana 10 koloko mchenga umakhala utayamba kuotcha mapazi.

Etosha ndi yabwino kuyambira Meyi mpaka Okutobala, pamene nyama zimasonkhana pamadziwe. Ambiri amalakwitsa pothamanga uku ndi uku kusaka mikango. Sankhani dziwe limodzi, zimitsani injini, dikirani ola lathunthu. Mbidzi, njovu ndi akadyansonga amabwera okha. Dziwe la ku Okaukuejo limaunikidwa usiku, ndipo ndi malo odziwika oonerako chipembere chakuda. Kutuluka m'galimoto n'koletsedwa kupatula pamalo otchingidwa, ndipo mageti a misasa amatsekedwa dzuwa likalowa. Chinanso chimene ambiri sachidziwa: pali mpanda woteteza matenda a ziweto umene umalekanitsa kumpoto ndi kummwera, choncho nyama yaiwisi imene yatsala mukamatuluka kulowera kummwera amakulandani. Iotcheni isanakwane nthawi yotuluka.

Midzi ya Ahimba ili m'chigawo cha Kunene, kuzungulira tauni ya Opuwo. Apa m'pamene pamafunika ulemu woposa. Ndi pakhomo pa anthu, si malo achionetsero. Pitani ndi wokutsogolerani wodziwa chilankhulo chawo, amene adzayambe wapempha chilolezo kwa mwini mudzi. Monga kwathu, mlendo salowa chimanjamanja: ufa wa chimanga, shuga ndi mafuta ophikira ndi mphatso zolandirika, osati maswiti ogawira ana. Moni wake ndi "moro". Pakati pa khola la ng'ombe ndi nyumba yaikulu pali moto wopatulika, okuruwo, umene amalumikizirana nawo ndi makolo awo. Musadutse pakati pa motowo ndi khomo la nyumbayo. Kufiira kwa khungu la amayi kumachokera ku otjize, mafuta a mkaka osakaniza ndi mwala wofiira wopera. Musanajambule pemphani kwa munthuyo payekha, ndipo zibangili mugule kwa amene wazipanga.

Mukadzaona amayi a Chiherero atavala madiresi aatali ndi duku looneka ngati nyanga za ng'ombe, dziwani kuti mtundu umenewu, limodzi ndi Anama, unaphedwa mwaunyinji ndi asilikali a ku Germany pakati pa 1904 ndi 1908. Nkhaniyi ikadali bala, choncho muifunse mwaulemu.

M'chikwama musaiwale juzi. Mu Juni ndi Julayi usiku wa m'chipululu umazizira koopsa, ndipo ku Swakopmund chifunga chochokera m'nyanja chimatha kukuta tauni m'mawa wonse.