Masana ntchito ya bwana, usiku code yaulere

Anzanga kuno ku Tete akandiona ndili pa laputopu mpaka 11 koloko usiku, thukuta kamukamu ndi kutentha kwathu kuja, amaganiza kuti ndikupanga mametikali ambiri, koma ayi ndithu abale, iyi ndi ntchito yongodzipereka basi, ndimathandiza kulemba code ya ka app kena kotumizirana mauthenga.

Ndinayamba ndi kukonza mafoni pamsika ku Ulongue, pano masana ndimalemba mapulogalamu pakampani ina. Chinandikoka mtima ndi XMPP, njira yotumizirana mauthenga pa intaneti ija Jeremie Miller anayiyambitsa mu 1999 ikutchedwa Jabber. Imayenda ngati imelo, aliyense atha kukhala ndi seva yake koma nkumachezabe ndi anthu a maseva ena, ndipo code yake ili poyera, ukhoza kuiwerenga nkuikonza wekha. Ngakhale WhatsApp inayambira pompo musaone yatseka zitseko lero.

Tsiku lina ndili mu chapa (minibasi) kupita kumudzi, titangodutsa Moatize netiweki inayamba kuduladula, uthenga umodzi wofunsa mayi ngati akumba kale mbatatesi unafika katatu, mayi mpaka kuimba kuti mwanawe kwagwanji? Zinandiwawa ndithu chifukwa anthu athu mega amagula movutikira. Nditabwerera ndinafufuza masabata awiri, ndinapeza kuti ka app ka XMPP komwe ndimathandizako kamatumizanso uthenga intaneti ikabwerera, osayamba kafunsa seva ngati unafika kale. Patch yanga, code yokonzera vutoli, oyang'anira app anaibweza kawiri, kachitatu anailandira, ndinalephera kugona ndi chimwemwe.

Pano ndikumasulira mabatani ake m'Chinyanja, pa "Send" ndaika "Tumiza", koma "Archive" yandigwira masiku atatu tsopano.