Nkhata ya mphira ndi lamulo la dzanja limodzi

Ntchito yanga ndi yokonza njinga, ndipo m'Chipata muno munthu wa ntchito imeneyi sagona ndi njala. Njinga zimanyamula makala, nkhuku, matumba a nsawa, odwala opita kuchipatala, chilichonse. Zikatopa zimabwera kwa ine kuno ku Kapata, n'kundisiyira mulu wa machubu obooka omwe sangamatikenso. Ambiri ndimadula malegeni n'kugulitsa kwa omanga katundu. Otsalawo ndi amene ndimapangira nkhata zoponyerana.

Masewerawa anatiphunzitsa ndi aneba athu, aphunzitsi opuma pantchito, omwe anasunga nkhata imodzi ya mphira ya kufakitale, yakuda, yong'aluka ndi ukalamba. Kaseweredwe kake n'kosavuta kufotokoza. Mumamanga chingwe pakati pa mitengo iwiri, wina mbali iyi, wina mbali inayo. Woponya amaponya nkhata kuchokera m'munsi, dzanja likukwera, kuti idutse pamwamba pa chingwe. Mnzakeyo aiwakhe ndi dzanja limodzi n'kuibweza ndi dzanja lomwelo, osaisunga, osayenda nayo, osaitsamiritsa pachifuwa. Ikagwera m'bwalo mwako, mnzako wapata. Ukaiponya kunja kwa mzere, wadzidyera wekha.

Kunja amawatchula kuti tennikoit kapena ring tennis. Zikuoneka kuti gwero lake ndi masewera a pa sitima zapamadzi zonyamula anthu, kumene apaulendo ankafuna china chofanana ndi tenesi, koma mpira ukanangodumphira m'nyanja. Nkhata ya chingwe ikagwa sidumpha. Lero ku India, ku Germany ndi ku South Africa kuli anthu omwe amawasewera mwa mpikisano weniweni, ndipo mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitikira ku Chennai mu 2006, wachiwiri ku Koblenz mu 2010. Bwalo lawo ndi lotalika mamita 12.2, m'lifupi mamita 5.5, ndipo nkhata imalemera pafupifupi magalamu 200. Aphunzitsi aja anabwereka tepi kwa mmisiri womanga nyumba, tinayeza pamalo pena kuseri kwa komboni yathu, n'kulemba mizere ndi phulusa. Chingwe chathu ndi choyanikira zovala, chomangidwa pamtengo wa mango ndi pa nsichi ya bulugamu yomwe tinazika tokha. Timapachikapo tinsanza toyera kuti chizioneka dzuwa likapendeka.

Nkhata ya aphunzitsi itaduka, ana anayamba kupota zawo za udzu ndi za masamba ouma a nthochi, zonga zosenzera ndowa. Zimenezo n'zopepuka kwambiri, ndipo zimasasuka masewera asanafike pakati. Apa ndi pamene ndinalowererapo.

Ndimatenga chidutswa cha payipi yakale yothirira dimba, chotalika kuyambira pachigongono mpaka kunsonga kwa zala n'kuonjezako pang'ono. Ndimachipinda kuti nsonga zikumane, n'kulowetsa kamtengo kakafupi mkati kuti kagwire mbali zonse ziwiri. Kenako ndimakulunga ndi malegeni, mokoka kwambiri, ulusi uliwonse ukukwera theka pa unzake, mpaka nkhata itanenepa moti zala zinayi ndi chala chachikulu zikuigwira bwino. Kumapeto sindimanga mfundo yotukuka, ndimabisa nsonga pansi pa malegeni anzake, chifukwa mfundo imasupula khungu pakati pa zala. Kulemera ndimakayeza pa sikelo ya mnzanga wogulitsa nyama.

Chovuta chenicheni chili polumikizira paja. Kamtengo kamachititsa kuti mbali imodzi ilemere, ndipo nkhata yotere ikaponyedwa imapita ikugwedezeka, mutu uku mutu uko, moti ngakhale katswiri sangaiwakhe bwino. Ndimaipachika pa sipoko n'kuizunguza pang'ono: mbali yolemera imatsikira pansi nthawi zonse. Ndiye ndimaonjezera malegeni mbali ya kumwambayo, n'kuzunguzanso, mpaka iziima paliponse pomwe yafuna. Zili ngati kuwongola wilo la njinga, umamanga sipoko iyi, umamasula iyo, osathamanga. Nkhata yabwino ikachoka m'dzanja imazungulira mosalala, ndipo woiwakha amaona bowo lake likubwera bwinobwino.

Timasewera Loweruka ndi Lamulungu cha m'ma 16, dzuwa likachepa ukali. Mu Juni ndi Julaye kumakoma, ngakhale mphira wozizira amawawa kuzala. Ogasiti ndiye mwezi wovuta. Mphepo imatsika m'mapiri otizungulirawa ndi fumbi lake, n'kuitenga nkhata ili m'mwamba kukaitula kunja kwa mzere. Amene ali ndi mphepo kumsana ayenera kuponya mofatsa, winayo aziponya motsika ndi mwamphamvu, ndiye timasinthana mbali pafupipafupi kuti pasakhale wodandaula. Mu Okutobala timayamba mochedwa, chifukwa nthaka imaotcha ana osavala nsapato.

Koma chomwe chandikhalitsa pansi kuti ndilembe ndi mkangano wa ine ndi alamu anga, achimwene awo a amai a kunyumba kwanga. Iwo ndi munthu wa mwambo, wochokera cha ku Katete, ndipo chaka chilichonse mu Ogasiti sajomba ku Kulamba ku Mkaika. Tsiku lina anakhala pampando n'kuonerera mwana wanga wamkazi, wa giredi 4, akusewera ndi ine. Ndinaponya, iye anawakha ndi manja awiri, ine ndinati walakwa, ndapata ndine. Ndinaponyanso, anachitanso chimodzimodzi. Alamu anaimirira.

"Alamu, kodi mukumuphunzitsa chiyani mwanayu? Kunyumba timamuuza kuti chochokera kwa wamkulu alandire ndi manja awiri. Pano atate ake akumupatsa chinthu, walandira mwaulemu, inu mukuti walakwa?"

Mawuwa sindinawapeputse, ndipo mpaka lero sindiwapeputsa. Ndinazindikira kuti mwanayu akamasewera ndi anzake amawakha ndi dzanja limodzi popanda vuto. Manja awiri amatuluka okha pokhapokha woponyayo ali wamkulu. Thupi lake linaphunzira kale zimene tinamuphunzitsa, ndipo ine monga kholo ndinakondwera nazo. Alamu anapempha kuti ana aziloledwa manja awiri, akuluakulu okha ndiwo azitsata lamulo.

Ndinakana, ndipo ndikukanabe. Tinayesapo madzulo ena kuti tione, ndipo masewera anafa. Munthu akawakha ndi manja awiri amaima, amasankha dzanja loponyera, amayang'ana uku ndi uku, ndipo mnzake wapeza kale nthawi yobwerera pakati pa bwalo. Palibenso chopikisana. Ndi dzanja limodzi, kuwakha ndiko kuyamba kwa kuponya. Nkhata imafika, dzanja limatsika nayo pang'ono kuti ithe ukali, ndipo pobwerera m'mwamba yapita kale. Ukaiwakha utapendekera kumanzere, uyenera kuibweza uli chipendekere choncho. Pamenepo ndi pamene pali nzeru yonse: kumuika mnzako poti akaiwakha asathe kuibweza bwino. Ukamuponyera kumbuyo kwenikweni, kenako pafupi ndi chingwe, kenako kumbuyonso, miyendo yake imatha ngakhale ali mnyamata wa mpira.

Lamulo loponya kuchokera m'munsi nalonso limagwira ntchito yomweyo. Palibe kumenya nkhata pansi mwamphamvu monga amachitira a volebo. Mwamuna wa mapewa aakulu mphamvu zakezo alibe pozigwiritsa ntchito. N'chifukwa chake pabwalo pathu mtsikana wa zaka 12 amatha kuthamangitsa bambo wa ndevu, ndipo ine sindidziwa masewera ena m'komboni muno omwe amalola zotere. Mpira ndi wa anyamata, netibo ndi ya atsikana, nsolo ndi ya madala pansi pa mtengo. Nkhata imatenga onse. Tikafewetsa lamulo kwa ana, ndiye kuti tawauza kuti awo si masewera enieni, pomwe iwo ndi amene angatigonjetse mwachilungamo.

Amene anathetsa nkhaniyi si ine, ndi amai anga ondibala. Anabwera kuchokera kumudzi kudzaonetsa maso kuchipatala, ndipo anakhala nafe kanthawi. Loweruka lina anamanga chitenje molimba, anavula patapata, n'kunena kuti awapatse nkhatayo. Woyang'anizana nawo anali mnyamata wina wonyamula anthu panjinga, kasitomala wanga, wamiyendo yolimba ndithu. Iye anaseka mwaulemu n'kunena kuti, "Ambuye, ndiponya pang'onopang'ono." Amai anamuyankha kuti, "Ponya mmene umaponyera, mdzukulu wanga."

Amai sanathamange. Anaima pakati pa bwalo, maondo opinda pang'ono, dzanja lamanja lili chitambasulire m'munsi. Nkhata ikamabwera sankaithamangira ndi mkono wonse monga timachitira ife, ankangotembenuza dzanja, zala n'kutseka pa mphira nthawi yake yeniyeni, phwa! Kubweza kwawo kunali kwaufupi, kongodutsa chingwe n'kugwera patsogolo. Mnyamata uja ankathamangira kutsogolo, kuiwakha atawerama, n'kuibweza yokwera, yofewa, yolunjika m'dzanja mwawo. Akatero amai ankaiponya kumbuyo kwake. Ana anakuwa mpaka amai ogulitsa tomato kumsewu anabwera kudzaona. Mnyamata anapambana ndithu pamapeto, chifukwa mpweya unawathera amai, koma thukuta linali litanyowetsa malaya ake onse.

Atakhala pansi ndinawafunsa kumene anaphunzira. Anati, "Mwana wanga, ife tinakulira chiyato." Ndipo n'zoona. Pa chiyato mtsikana amaponya mwala m'mwamba, dzanja lomwelo litulutse timiyala m'kadzenje, libwerere liwakhe mwala uja usanagwe. Dzanja limodzi, diso limodzi kumwamba, lina pansi. Anatembenukira kwa alamu anga n'kuwauza kuti iwo anasewera chiyato ubwana wawo wonse ndi dzanja limodzi, koma sanalandirepo mbale kwa apongozi awo ndi dzanja limodzi. Alamu sanatsutse, pakuti sakanatsutsana ndi munthu wamkulu chotero, ngakhale ndikudziwa kuti mumtima akadali ndi maganizo awo. Masiku ano akabwera amakhala woweruza, ndipo ndi okhwima pa mizere kuposa tonsefe.

Mwana wanga uja ndinamuthandiza motere: ndinamuuza kuti dzanja lamanzere aligwiritse kumsana kwa diresi lake pamene akusewera ndi ine. Poyamba nkhata inkamugunda pamkono n'kugwa. Kenako anasiya kuopa, anayamba kuiyang'ana mpaka italowa m'zala. Tsopano dzanja lija saligwiritsanso kumsana, limangomuthandiza kuti asagwe akamadumpha. Masewera akatha, amai ake akamupatsa kapu ya thobwa, amagwada n'kulandira ndi manja awiri monga kale.

Pali zina zomwe tinasintha, ndipo sindiona vuto. Ku India amawerenga mpaka 21, ife tikachuluka timalekezera pa 11 kuti aliyense alowe dzuwa lisanalowe. Ana aang'ono timawatsitsira chingwe ndi kuwafupikitsira bwalo. Tikasewera awiriawiri timaika wamkulu ndi mwana mbali iliyonse, ndipo awiriwo amawakha mosinthana kuti wamkulu asamalande zonse. Pali kamnyamata kena kamanzere komwe kwawo amakakalipira kakamadya ndi dzanja limenelo. Pabwalo timakalola, ndipo nkhata yake imazungulira mobwerera moti ambiri imatipulumuka.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi malo. Pomwe timasewerapo ndi munda wa munthu, ndipo mvula ikagwa mu Novembala adzalimapo chimanga, monga amachitira chaka chilichonse. Sitingamuletse, ndi chakudya cha ana ake. Kuyambira pamenepo mpaka atakolola, tilibe bwalo. Aphunzitsi aja akukambirana ndi akuluakulu a mpingo wina kuti atibwereke kuseri kwa tchalitchi Loweruka lokha, ndipo ine ndalonjeza kuzika nsichi ziwiri ndi kuzichotsa tikamaliza.

Pakadali pano ndikupanga nkhata zambiri, kuti ana azitha kuponyerana pakhomo pawo ngakhale popanda chingwe. Ngati muli ndi payipi yakale yothirira kapena machubu otha ntchito, musawatenthe. Bwerani nawo kwa okonza njinga amene muli naye pafupi, mumuwerengere mmene ndafotokozera pamwambapa, ndipo mumukumbutse za kuipachika pa sipoko asanakupatseni.