Thobwa lomwe linaitanitsa alonda amfuti

Thobwa silivuta kuphika, koma pali zinthu ziwiri zomwe silikhululuka: kuthira chimera phala likadali lotentha, ndi kulisiya osaliwiritsa kachiwiri. Choyambacho chimangokupatsani phala lozizira lopanda kukoma. Chachiwiricho, ngati muli ku Joni mwezi wa July, chingakuitanireni anthu amfuti pakati pa usiku.

Ndimagwira ntchito pa poloti ina kumwera kwa Johannesburg, cha ku Walkerville, komwe timaweta nkhuku za nyama ndi kulima mpiru, repu ndi anyezi. A Malawi a kumpingo kwathu anapangana zokumbukira 6 July, tsiku lomwe dziko lathu linalandira ufulu mu 1964. Amayi atagawana za nsima ndi ndiwo, thobwa linagwera ine chifukwa ndine ndili ndi mphika wa malita 20. Alamu anga, omwe anakwatira mlongo wanga ndipo amagwira pa poloti yoyandikana nafe, anadzisankha okha kukhala alangizi.

Chimera chenicheni timachidziwa tonse. Mumaviika mawere usiku umodzi, kuwakhetsa, kuwafundika m'thumba lonyowa masiku atatu kapena anayi mpaka atulutse timizu, kenako kuyanika ndi kusinja. Koma Joni ili pamtunda, mamita opitirira 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mu July madzi amaundana m'mipope usiku. Mawere anga anangokhala duu m'thumba, osamera. Ndinakagula chimera cha mapira cha m'sitolo, chomwecho chimene anthu a kuno amafulira mowa wawo wa umqombothi. Mfundo imeneyi muisunge.

Muyeso wanga ndi uwu: malita 18 a madzi, makilogalamu 2 a ufa, theka la kilogalamu la chimera. Ufa usakhale woyera kwambiri uja wadzaza m'masitolo a kuno, funani wokhakhala wofanana ndi mgaiwa. Phala likhale lamadzimadzi, liwire mphindi 30 mukuvundula kuti lisapserere pansi. Mukaphula, dikirani lizizire mpaka chala chizitha kukhalamo osachithawitsa. Apo ndiye muthire chimera. Posakhalitsa phala limasungunuka ndi kuyamba kutsekemera, chifukwa chimera chimasandutsa ufa kukhala shuga. Likatentha kwambiri mphamvu imeneyi imafa. Mukatero vundikirani ligone. M'mawa mwake mumaliwiritsanso, ndipo kuwiritsa kumeneku ndiko kumasiyanitsa thobwa ndi mowa, poti kumapha yisiti yomwe imabwera ndi chimera.

Lachitatu m'mawa, ndikuliwiritsa kachiwiri, mphika utangoyamba kulira m'mbali, magetsi anathima. Nkhuni zinalipo, koma adona eni poloti salola moto wapanja nyengo yozizira, ndipo sindiwanena: udzu wa kuno umakhala wouma gwa, kamphepo kakawomba moto umadya mapoloti asanu nsima isanapse.

Alamu anasuzumira mumphika. "Lapsa ili, alamu. Simukuona nthunzi?"

Tinathira kilogalamu ya shuga, n'kulitsanulira m'zigubu zitatu za madzi akumwa za malita 5 ndi mabotolo awiri a zakumwa za gasi a malita 2. Tinadzaza mpaka m'khosi, alamu n'kumanga zitsekerero ndi mphamvu zawo zonse kuti fumbi lisalowe.

Vuto linatsala linali pokaika. Chipinda changa usiku chimazizira kuposa furiji ya adona. Apa m'pamene kuwerenga kwa alamu kunalowerera. Iwo ali ndi kabuku ka ulimi wa nkhuku komwe anakaloweza pamtima, ndipo anandikumbutsa kuti sabata yoyamba anapiye amafuna madigiri 32 mpaka 35. M'khola munali anapiye 100 ongofika kumene, pa utuchi, mkati mwa mpanda wa makatoni, babu yofiira ya mawati 250 ili pamwamba. "Malo otentha pa poloti yonse ndi amenewa," anatero. Tinandanda zigubu pa thabwa kuseri kwa katoni, n'kuzifunditsa bulangete lomwe mlongo wanga analuka ndi ulusi wotsalatsala wa mitundu yonse.

Tsopano onkhetsani nokha. Yisiti yamoyo, shuga, kutentha kwa madigiri 30, chitsekerero chomanga. Yisiti ikamadya shuga imatulutsa mowa ndi mpweya, ndipo mpweyawo ukasowa potulukira umadzifunira njira.

Unaipeza Lachisanu usiku.

Phuu! Agalu a mapoloti onse anayamba kuuwa. Ku Joni ukamva kulira kotero sufunsa mafunso, ndinapezeka ndagona chafufumimba pa simenti. Phuu! kachiwiri, malata a khola n'kulira ngwee. Ndinaimbira alamu monong'ona.

"Alamu, akuba nkhuku afika, ali ndi mfuti."

"Musatuluke, alamu. Ine ndikukupemphererani kuno."

Kunyumba yaikulu adona anali atadina kale batani loitanira alonda, ndipo pa gulu la WhatsApp la mapoloti uthenga unali utafika pa amuna anayi ovala zobisa nkhope. Kenaka kunamveka kuphulika kwina kowonda, kuwala kofiira kwa m'khola n'kuthima. Anapiye anayamba kulira onse pamodzi. Anapiye ongofika akakhala opanda moto usiku wa July amaunjikana pakona n'kupondana, kukacha mumatola mitembo. Ndinatenga khasu n'kukwawa chamimba kudutsa m'bedi la mpiru, pa chisanu, nditavala kabudula wamkati ndi chipewa chaubweya basi.

M'khola munalibe munthu. Munali fungo lomwe aliyense wokulira kumudzi amalidziwa, la pakhomo pomwe pali mowa wa masese. Nditawunika ndi foni ndinaona phala likudontha kudenga. Zigubu za madzi akumwa n'zopyapyala ndipo zitsekerero zake sizinapangidwire mpweya, choncho ziwiri zinali zitawombera zitsekerero m'malata. Babu inasweka chifukwa galasi lotentha likadonthedwa ndi chamadzi limaphulika. Chigubu chachitatu chinali chikadali pansi pa bulangete, chitatupa mpaka kusanduka chozungulira. Ndinangokweza ngodya ya bulangete kuti ndichione bwino.

Alonda atatsegula chitseko ndi matochi awo anapeza munthu woyera mbee kuyambira kumutu mpaka kumapazi, gaga ali m'makutu, manja ali m'mwamba, dzanja lililonse muli mwanapiye. Wamkulu wawo anandiyang'ana, n'kununkhiza mpweya, n'kubweza mfuti m'chiuno. Anafunsa funso limodzi lokha, ngati china chatsalako.

Ntchito yeniyeni inali ya anapiye. Mwanapiye wonyowa amafa ndi kuzizira msanga kuposa wanjala. Adona anabwera atavala mkanjo wogonera, atanyamula makina awo oumitsira tsitsi, ndipo tinawaumitsa mmodzimmodzi mpaka nthenga zitafufuma. Utuchi wonse tinauchotsa, chifukwa wonyowa umabweretsa matenda otsegula m'mimba, ndiponso munali magalasi a babu. Poti babu ina panalibe, tinathira madzi otentha m'mabotolo, kuwakulunga ndi nsanza n'kuwaika pakati pa anapiye, kumasintha madzi akazizira mpaka kunja kuche. Adona sanayankhule kanthu usiku wonse, kupatula pomwe anafunsa ngati onse a ku Malawi amakumbukira ufulu mwa njira imeneyi.

Alamu anatulukira zinthu zitazizira, atavala chisoti chowotcherera zitsulo, kudzathandiza pa mabotolo awiri a gasi aja. Amenewo sanaphulike, poti anapangidwira mpweya, koma anali gwa, chala osalowa. Alamu ankafuna kuwabaya ndi foloko ya m'dimba ali patali. Mlonda uja anawaletsa. Anati mayi ake amafula mowa kwawo, ndipo botolo lotere umaliika panja pa chisanu mpaka m'mawa, chifukwa chakumwa chozizira chimasunga mpweya wake, kenako umapotoza chitsekerero pang'ono, likalira tsii umatseka, kubwereza mpaka litaleka. Ananena zoona. Ataweruka m'mawa anabwera yekha kudzayang'anira ntchitoyo, analawa kapu imodzi, n'kunyamula mabotolo onse awiri ponena kuti ndi umboni.

Chikondwerero chinali Loweruka lomwelo masana, ndipo anthu ankadikira malita 20. Tinathamangira kusitolo kukagula mageu, phala lowawasa la chimanga lomwe limagulitsidwa m'makatoni, n'kuwakhuthulira m'ndowa kuti azioneka a pakhomo. Mwachangu palibe anawerenga zolembedwa pa katoni.

Mayi wamkulu wa amayi a mpingo ndiwo anayamba kulawa. Anamwa, anatafuna pang'ono, n'kuyang'ana m'kapu.

"Achimwene, chimera cha nthochi munachipeza kuti?"

Ndisanatsegule pakamwa, alamu anali atayankha kale. "N'cha ku Thyolo chimenecho, mayi. Chabwera pa basi dzana."